Kuwerenga Ming'alu ya Pansi pa Nthaka: Mmene Chiopsezo cha Zivomerezi Chimadziwikira ku Malawi

Munthu woyenda pa msewu wa M5 kuchokera ku Balaka kupita ku Salima, akamadutsa pa Kasinje, Golomoti, Mua ndi Mtakataka, maso ake amathamangira ku mapiri a Ntcheu ndi Dedza amene amamuperekeza kudzanja lamanzere pafupifupi ulendo wonse. Ndi anthu ochepa amene amasamala za kachitunda kena kamene kali kutsogolo kwa mapiriwo, kokwera mwadzidzidzi ngati khonde la nyumba, kamene m'malo ambiri msinkhu wake umapitirira mamita 10, ndipo kamatambalala makilomita pafupifupi 110 kuchokera cha ku Bilila mpaka kupitirira Mtakataka. Kachitundako sikanawumbidwe ndi mvula kapena mtsinje. Ndi chipsera chimene chinatsala pamene nthaka ya kum'mawa inatitimira, ya kumadzulo n'kutsala m'mwamba, ndipo kutitimirako kunachitika pa zivomerezi zikuluzikulu zimene palibe buku kapena gogo amene amazikumbukira. Mu 1997 akatswiri awiri, James Jackson ndi Tom Blenkinsop, anafotokoza kuti ngati mng'alu wa Bilila-Mtakataka utasuntha wonse nthawi imodzi, chivomerezi chake chingayandikire muyezo wa 8. Mawu otere ndi olemera kwambiri, ndipo ndi bwino kuti timvetse njira imene munthu amadutsa kuti afike powanena, chifukwa si ulosi, komanso si kungoopseza anthu.

Mawu akuti mng'alu akhoza kusokeretsa pang'ono, pakuti amatipatsa chithunzi cha nthaka yong'ambika ngati ya m'dambo mwezi wa Okutobala. Chimene akatswiri a miyala amachitcha fault pa Chingerezi si dzenje lotseguka ayi, koma ndi pamene thanthwe la pansi pa dziko linathyoka, mbali zake ziwiri n'kukhalabe zopanikizana zolimba kuyambira pamwamba mpaka makilomita ambiri pansi. Mphamvu za m'kati mwa dziko zimakoka mbali ziwirizo usana ndi usiku, koma kukhakhala kwa miyala kumaziletsa kutsetsereka, motero thanthwe limangopindika pang'onopang'ono monga uta umene mlenje akuukoka. Zikhoza kukhala choncho kwa zaka mazana kapena masauzande, kufikira tsiku limene miyala yalephera kupirira, mbali imodzi n'kusuntha m'masekondi ochepa mtunda wonse umene inkayenera kuyenda zaka zonsezo. Kugwedezeka kochokera pa kusunthako ndiko timakutcha chivomerezi. Amene anafotokoza izi momveka bwino koyamba ndi Harry Fielding Reid, atayeza mmene nthaka inasunthira pa chivomerezi cha ku San Francisco cha mu 1906, ndipo kuyambira pamenepo zinadziwika kuti wofuna kumvetsa zivomerezi ayenera kuyamba wamvetsa ming'alu.

Dziko la Malawi lili kumapeto a kummwera kwa chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, chimene chimayambira ku Ethiopia n'kukathera m'kati mwa Mozambique. Chikopa cha dziko lapansi n'chosweka m'mapale akuluakulu, ndipo phale limene lili kum'mawa kwa nyanja yathu, lotchedwa Rovuma, likutalikirana ndi mbali ya kumadzulo. Liwiro lake n'lochepa zedi: pakati pa theka la milimita ndi mamilimita awiri pa chaka, ndipo kumpoto kumafulumirako kuposa kummwera. Kumeneko n'kukhuthala kwa chikhadabo chimodzi kapena zingapo pa chaka chathunthu, pamene mng'alu wotchuka wa San Andreas ku California umayenda mamilimita oposa 30. Nthaka ikamakokedwa chonchi, chapakati chimatitimira motsatira ming'alu yopendekeka, ndipo umu ndi mmene munabadwira beseni la Nyanja ya Malawi, lakuya mamita pafupifupi 700, komanso chigwa cha Shire. Ming'alu ikuluikulu ya m'mphepete imasinthanasinthana mbali: wa Livingstone uli kum'mawa, kutsidya la Tanzania moyang'anana ndi Karonga, wa Usisya uli kumadzulo, wa Metangula uli kum'mawanso, ku Mozambique, ndipo wa Thyolo ndi umene unapanga chitunda chimene msewu wochokera ku Blantyre umatsika mokhotakhota polowera ku Chikwawa.

Kuchedwa kwa kukokedwaku ndiye gwero la vuto lonse. Njira yapafupi yodziwira chiopsezo cha dera ndi kuwerenga zivomerezi zimene makina analemba m'mbuyomu, n'kunena kuti zam'tsogolo zidzafanana nazo. Koma makina odalirika anayamba kulemba zivomerezi za dera lino cha m'ma 1960, ndipo m'nyengo imeneyi zazikulu zimene Malawi waona ndi ziwiri: cha pa 10 Malichi 1989 cha ku Salima, cha muyezo wopitirira 6 pang'ono, chimene chinapha anthu 9 ndi kusiya ena pafupifupi 50,000 opanda pogona, ndi mndandanda wa zivomerezi za ku Karonga za mu Disembala 2009. Wongoyang'ana mbiri imeneyi anganene kuti malire athu ndi 6. Komatu chigwa chomwechi chinagwedeza dera la Rukwa ku Tanzania pa muyezo wa 7.4 mu Disembala 1910, ndi boma la Machaze ku Mozambique pa muyezo wa 7.0 mu Febuluwale 2006. Mng'alu umene umadzuka kamodzi pa zaka 5,000 sungaonekere m'kaundula wa zaka 60, ndipo amene akuuweruza ndi kaundula yekhayo ali ngati mlendo amene wakhala ku Nsanje sabata imodzi ya mwezi wa Seputembala, n'kubwerera kwawo akunena kuti Shire sasefukira. Ichi ndicho chifukwa chake akatswiri amasiya kudalira mbiri yokha n'kupita kukafunsa mng'alu weniweniwo: uli pati, ndi wamoyo kodi, ndi waukulu bwanji, ndipo ukusonkhanitsa mphamvu mofulumira motani.

Kupeza pamene mng'alu uli kumayambira m'mwamba. Masetilaiti amayeza msinkhu wa nthaka, ndipo zithunzi za TanDEM-X, zimene zimasonyeza msinkhu wa kachigawo kalikonse ka mamita 12, zathandiza kuona zitunda zowongoka zimene pa mapu akale sizinkaoneka. Kenako munthu ayenera kupita ndi miyendo yake, kukayeza chitundacho, kuona ngati chadula dothi limene mitsinje inasiya posachedwapa, ndi kutsatira mitsinje imene imachidutsa, chifukwa nthaka ikatitimira mwadzidzidzi mtsinje umapanga mathithi pamene panalibe, ndipo mathithiwo amabwerera chakumtunda pang'onopang'ono pamene madzi akudya mwala. Kuno kwathu ntchitoyi ndi yovuta kuposa m'chipululu, pakuti mvula yamphamvu, makasu a alimi chaka ndi chaka, ndi matope a madzi osefukira zimafafaniza kachitunda kakang'ono m'kanthawi kochepa. Pansi pa nyanja njira yake ndi ina: sitima imatumiza phokoso m'madzi n'kumvetsera mmene likubwererera kuchokera m'miyalo ya matope ndi miyala, ndipo pamene miyaloyo yaduka ndiye kuti pali mng'alu. Kafukufuku wotere anachitika pa Nyanja ya Malawi m'zaka za m'ma 1980 pansi pa ntchito ya PROBE, komanso mu 2015 pansi pa ntchito ya SEGMeNT. Ming'alu yokwiririka pamtunda imadziwika poyeza maginito a miyala kuchokera m'ndege, monga zinachitikira pa kauniuni amene ambiri timamukumbukira ngati ntchito yofufuza miyala ya mtengo wapatali, koma zotsatira zake zimathandizanso kuona pamene thanthwe lobisika pansi pa mchenga linathyoka.

Kufunika kwa ming'alu yobisikayi kunaoneka poyera ku Karonga. Aliyense woima pagombe la Karonga amaona mapiri a Livingstone atatuluka m'madzi ngati khoma kutsidya kwa nyanja, ndipo akanafunsidwa chaka cha 2009 chisanafike kuti chivomerezi chidzachokera kuti, akanaloza kumeneko. Koma zivomerezi zimene zinayamba pa 6 Disembala n'kufika pachimake pa 19 Disembala pa muyezo wa 6.0, zimene zinapha anthu anayi, kuvulaza mazana ndi kugwetsa nyumba zambirimbiri, sizinachokere ku khomalo. Juliet Biggs ndi anzake anayerekezera zithunzi za rada za setilaiti zojambulidwa zivomerezi zisanachitike ndi zojambulidwa pambuyo pake, n'kupeza kuti umene unasuntha ndi mng'alu wina waung'ono, wosazama, wa m'kati mwa chigwa, pafupi kwambiri ndi tawuni yeniyeniyo. Mng'aluwo tsopano umatchedwa St Mary, ndipo kale sunkawerengedwa n'komwe ngati gwero la zivomerezi, chifukwa unali wofunditsidwa ndi dothi la m'chigwa cha nyanja. Nthaka inang'ambika makilomita angapo, ndipo m'malo ena mchenga wonyowa unatumphuka pansi ngati phala. Ine ndimaona kuti phunziro limeneli silinamveke mokwanira ngakhale pakati pa anthu ophunzira, chifukwa tikamakamba za zivomerezi timathamangira kutchula zitunda zazitali, pamene midzi yathu yambiri, minda ya mpunga ndi matawuni a m'mphepete mwa nyanja zili pansi m'chigwa, pamwamba penipeni pa ming'alu imene maso sangaione.

Si mng'alu uliwonse umene uli wamoyo. Miyala ya Malawi ndi yakale kwambiri, ndipo ili ndi zipsera za nyengo zosiyanasiyana zimene dziko linkakokedwa kapena kufinyidwa mwa njira zina, kuphatikizapo nyengo imene malasha a ku Mchenga ndi ku Lower Shire ankapangika. Zina mwa zipserazi zinapola kalekale, pamene zina zadzutsidwanso chifukwa chakuti zinagona molunjika bwino ndi mmene nthaka ikukokedwera lero. M'mayiko amene ali ndi umboni wochuluka amaika malire a zaka, n'kunena kuti mng'alu ndi wamoyo ngati unasunthapo m'zaka 10,000 kapena 100,000 zapitazi. M'dera loyenda pang'onopang'ono ngati lathu malire aafupi otere angataye ming'alu yoopsa imene yangokhala chete nthawi yaitali, choncho ofufuza a ku mayunivesite a Cardiff ndi Bristol, pamodzi ndi a nthambi ya boma yoona za miyala ya Geological Survey imene likulu lake lili ku Zomba, anasankha kuwerengera mng'alu uliwonse umene ukusonyeza kuti wasunthapo chiyambire kung'ambika kwa chigwa chimene tili nachochi. Kaundula amene anatulutsa ali ndi ming'alu 113.

Ukulu wa chivomerezi sungochitika mwangozi. Umadalira kukula kwa malo amene athyoka ndi mtunda umene mbali ziwirizo zasuntha. Akatswiri amachulukitsa utali wa mng'alu ndi mulifupi mwake, kenako ndi mtunda wa kusunthako, kenako ndi kulimba kwa mwala, ndipo nambala imene amapeza ndi imene amaisandutsa muyezo umene timaumva pa wailesi. Muyezowu ndi wonyenga kwa munthu wosauzolowera, chifukwa kukwera ndi nambala imodzi kumatanthauza mphamvu yochuluka pafupifupi ka 32, motero chivomerezi cha 8 chimaposa cha 6 ka 1,000. Poyerekezera zivomerezi zambiri za padziko lonse, monga anachitira Donald Wells ndi Kevin Coppersmith mu 1994, zinapezeka kuti mng'alu ukatalika, nakonso kusuntha kwake kumakula, kotero kuti wodziwa utali ndi mulifupi akhoza kuyerekeza muyezo.

Pa nkhani ya mulifupi m'pamene Malawi amasiyana ndi madera ambiri. Mulifupi mwa mng'alu ndi mtunda umene ukupendekeka nawo kulowa pansi, ndipo umathera pamene miyala yatentha kwambiri mwakuti siithyokanso koma imangonyumbuka ngati phula. M'madera ambiri a pamtunda malire amenewa ali pa makilomita 15 kapena 20. Kuno zivomerezi zimayambira ngakhale pa makilomita 30 mpaka 40 pansi, ndipo cha ku Salima chija chinayambira pa makilomita pafupifupi 30. Chifukwa chake n'chakuti thanthwe la pansi pathu ndi lakale, lozizira ndi louma, ndipo kupatula mapiri ophulika a Rungwe kumpoto kwa nyanja, mulibe chiphalaphala chambiri choti chilifewetse. Titenge mng'alu wopendekeka madigiri 53: ngati ukuthera pa makilomita 15, mulifupi mwake ndi makilomita pafupifupi 19, koma ngati ukufika pa 35, mulifupi mwake ndi pafupifupi 44. Tikachulukitsa 44 ndi utali wa makilomita 110 wa Bilila-Mtakataka tikupeza malo oposa masikweya kilomita 4,800 amene angathyoke nthawi imodzi, ndipo malo otere ndi okwanira kubala chivomerezi chopitirira 7.5. Kulimba kwa nthaka yathu, kumene munthu angaganize kuti ndi chitetezo, ndiko kumaloleza ming'alu yaitali ndi yozama chonchi.

Komabe funso lovuta ndi lakuti mng'alu ukadzuka, udzadzuka wonse kapena chigawo chabe. Ming'alu yaitali siikhala yowongoka ngati chingwe. Imakhota, imaduka n'kuyambiranso pambali, ndipo msinkhu wa chitunda chake umakwera n'kutsika. Poona zizindikiro zimenezi ofufuza anagawa Bilila-Mtakataka m'zigawo zisanu ndi chimodzi, zimene anazipatsa mayina a Ngodzi, Mtakataka, Mua, Kasinje, Citsulo ndi Bilila. Chigawo chimodzi cha makilomita 15 kapena 20 chikasuntha chokha, chivomerezi chake chimakhala cha pakati pa 6 ndi 7, ndipo zoterezi zingachitike kawirikawiri kuposa kusuntha kwa mng'alu wonse. Kale akatswiri ankakhulupirira kwambiri kuti pokhota kapena podukira mng'alu m'pamene chivomerezi chimaima, koma cha ku Kaikoura ku New Zealand mu 2016 chinadumpha ming'alu yoposa 20 m'mphindi ziwiri zokha, ndipo cha muyezo wa 7.8 cha ku Turkey mu Febuluwale 2023 chinang'amba zigawo zingapo zotsatizana pa mtunda woposa makilomita 300. Pa chifukwa ichi kaundula wina wa magwero a zivomerezi a Malawi, amene anatuluka mu 2022, amawerengera njira zonse zitatu: chigawo chokha, mng'alu wathunthu, ndi ming'alu ingapo yoyandikana yosuntha pamodzi.

Chitunda chenichenicho chimasunganso mbiri kwa wodziwa kuchiwerenga. Kutitimira kwa mamita oposa 10 pa chivomerezi chimodzi kungakhale kwachilendo ngakhale pa mng'alu wautali chonchi, choncho panali kukayikira ngati chitunda cha Bilila-Mtakataka chinabadwa tsiku limodzi. Pamene zigawo za Mua ndi Kasinje zinayezedwa mosamala, zinaoneka kuti kutsetsereka kwa chitundacho kuli ndi masitepe, gawo la m'mwamba lofafanizika kwambiri ndipo la m'munsi lakuthwa, komanso kuti m'mitsinje yodutsa pamenepo muli mathithi otsatizana m'malo mwa amodzi. Zimenezi zikusonyeza kuti panachitika zivomerezi zikuluzikulu zosachepera ziwiri, chilichonse chosuntha nthaka mamita angapo. Izi zimachepetsako ukulu wa chivomerezi chimodzi, koma zimatsimikiza kuti mng'aluwo uli ndi chizolowezi chobwereza.

Kudziwa liwiro limene mng'alu uliwonse ukusonkhanitsira mphamvu ndi gawo lovuta kuposa onse. Zipilala za GPS zokhomeredwa pa thanthwe zimatha kuyeza kutalikirana kwa mbali ziwiri za chigwa ngati zasiyidwa zaka zambiri, koma zimangopereka chiwerengero cha chigwa chonse, osati cha mng'alu umodziumodzi. Milimita imodziyo iyenera kugawidwa pakati pa ming'alu yonse imene ili pamzere wodutsa chigwacho, monga mayi amagawira ndiwo zochepa kwa ana ambiri, ndipo kagawidweko ndi kamene kamasintha zotsatira. Kale ankaganiza kuti ming'alu ya m'mphepete imatenga pafupifupi zonse. Koma m'chigwa cha Zomba, pakati pa phiri la Zomba ndi zitunda za kumadzulo kwa Shire, miyezo ya zitunda inasonyeza kuti ming'alu ya m'kati, monga wa Chingale, wa Mlungusi ndi wa Mtsimukwe, yatenga gawo lalikulu la kusuntha kwaposachedwapa, zimene zikugwirizana ndi zimene Karonga anaphunzitsa.

Nyanja inapereka njira ina yokongola yoyezera liwiroli. Mu 2005 asayansi anaboola pansi pa Nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope osunga mbiri ya zaka masauzande ambiri, ndipo anapeza kuti m'nyengo za chilala choopsa nyanjayi inaphwera ndi mamita mazana angapo, kenako n'kudzazanso zaka pafupifupi 75,000 zapitazo. Pansi pouma pa nthawi imeneyo panasiya mzere woonekera bwino m'zithunzi za phokoso zija, ndipo popeza zaka za mzerewo zikudziwika, kulikonse kumene mng'alu waudula munthu amangoyeza mamita amene wasuntha n'kugawa ndi 75,000. Pamtunda mulibe mzere wodziwika zaka zake wofanana ndi umenewu, n'chifukwa chake ming'alu ina ya pansi pa madzi ikudziwika bwino kuposa imene anthu amalima pamwamba pake.

Liwiro likadziwika, nthawi yobwerera chivomerezi imapezeka ndi masamu apafupi. Mwachitsanzo, mng'alu umene umasuntha mamita 2 pa chivomerezi chake chachikulu, ngati ukusonkhanitsa theka la milimita pa chaka, udzafuna zaka 4,000 kuti udzaze. Ngati ukusonkhanitsa gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, udzafuna zaka 20,000. Ziwerengero za ming'alu ya kummwera kwa Malawi zimagwera m'magulu oterewa, masauzande ochepa kwa ya m'mphepete ndi masauzande makumi kwa ya m'kati. Munthu asazitenge ngati kalendala. Ming'alu siisunga nthawi ngati nyengo ya mvula, ina imadzuka kawiri motsatizana kenako n'kugona nthawi yaitali, ndipo kusuntha kwa umodzi kumatha kuwonjezera kapena kuchepetsa katundu pa unzake. Komanso zaka 20,000 zisatitonthoze mopitirira, chifukwa ming'alu ndi yoposa 100, ndipo mwayi woti umodzi mwa iyo usunthe m'moyo wa mwana wobadwa lero ndi waukulu kwambiri kuposa mwayi wa uliwonse paokha. Palinso mtsutso wa mmene mng'alu umawonongera mphamvu zake: Beno Gutenberg ndi Charles Richter anaonetsa mu 1944 kuti m'dera lalikulu zivomerezi za muyezo wa 5 zimachuluka pafupifupi ka 10 kuposa za 6, ndipo za 6 ka 10 kuposa za 7, koma akatswiri ena amati mng'alu umodzi paokha umakonda kusunga mphamvu n'kuzitulutsa pa chivomerezi chachikulu cha msinkhu wofanana nthawi zonse. Owerengera chiopsezo amayesa maganizo onse awiri n'kupatsa lililonse kulemera kwake, ndipo amawonjezerapo zivomerezi zimene zingachitike paliponse m'chigwa pa ming'alu imene sinapezekebe.

Zonsezi cholinga chake n'kuyankha funso la mmisiri womanga: pamalo pano nthaka ingagwedezeke mwamphamvu bwanji? Njira imene Allin Cornell anaiyala mu 1968 imatenga gwero lililonse, ukulu wa zivomerezi zake, kawirikawiri kake ndi mtunda wake kuchokera pamalowo, n'kuphatikiza zonse kukhala mwayi woti kugwedezeka kwakutikwakuti kupitiriridwe. Potsatira njirayi, nyumba wamba zimayenera kumangidwa poganizira kugwedezeka kumene kuli ndi mwayi wa 10 peresenti m'zaka 50, kutanthauza kamodzi pa zaka 475, pamene madamu, milatho ikuluikulu ndi zipatala zimayang'ana zaka 2,475 kapena kuposerapo. Pa nthawi yaifupiyo, chiopsezo chachikulu chimachokera ku zivomerezi zapakatikati za 5 ndi 6, zimene kaundula wa makina amazidziwa ndithu. Pa nthawi yaitaliyo m'pamene ming'alu yodziwika imasintha mapu, chifukwa chiopsezo chimene kaundula akanachimwaza mofanana m'dziko lonse chimasonkhana pafupi ndi ming'alu yaitali. Tikakumbukira kuti malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komanso chotchingira madzi cha ku Liwonde, zonse zili pa mtsinje woyenda m'chigwa chomwechi, tiona kuti kusiyana kumeneku si nkhani ya m'mabuku yokha. Dothi nalonso limawerengedwa, pakuti mchenga ndi matope a m'mphepete mwa nyanja ndi a ku Lower Shire zimakuza kugwedezeka kuposa thanthwe. Ndipo kugwedezeka komweko kumene nyumba yomangidwa ndi simenti yokwanira ndi lamba wa konkire pamwamba pa mawindo ingakupirire, kumagwetsa khoma la njerwa imodzi lomangidwa ndi matope, limene ndilo mabanja ambiri angakwanitse.

Umboni umene ukali wochepa kwambiri kuno ndi masiku enieni a zivomerezi zakale. M'mayiko amene ntchitoyi inapita patsogolo amakumba ngalande yodula mng'alu mopingasa, yakuya mamita awiri kapena atatu, n'kusalaza makoma ake mpaka miyalo ya dothi ioneke bwinobwino. Chivomerezi chilichonse chimadula miyalo imene inalipo tsikulo, kenako dothi lokokoloka kuchokera pa chitunda chatsopanocho limakwirira podukapo, ndipo miyalo yobwera pambuyo pake imagona yosaduka. Kachidutswa ka khala kopezeka pansi pa mzerewo ndi kena kopezeka pamwamba pake zikayezedwa zaka ndi njira ya kaboni 14, zimatsekera chivomerezicho pakati pa zaka ziwiri zodziwika, ndipo pamene khala palibe amayeza nthawi imene mchenga unaonera dzuwa komaliza. Popanda masiku amenewa, munthu akhoza kunena kuti mng'alu wa Thyolo kapena wa Zomba umadzuka kamodzi pa zaka masauzande angapo, koma sangasiyanitse umene unatulutsa mphamvu zake zaka 300 zapitazo ndi umene wakhala ukusonkhanitsa kwa zaka 6,000. Ndikanakhala ndi mawu pa kagawidwe ka ndalama za kafukufuku, ndikanayambira pamenepa, ndipo ndikanafuna kuti okumbawo akhale akatswiri a ku Zomba ndi ophunzira a m'mayunivesite athu, amene angabwerere pamalo omwewo chaka ndi chaka m'chilimwe madzi akaphwa. Malo oyambira akudziwika kale: m'tsinde mwa chitunda cha Mua ndi Kasinje, pamene timitsinje timataya mchenga wawo pamwamba pa mng'alu, ndi m'minda ya kumpoto kwa tawuni ya Karonga, pamene alimi amene anaona nthaka ikung'ambika mu 2009 angathe kuloza ndi chala pamene mzerewo unadutsa.